Khasu, piki ndi fosholo: n'chifukwa chiyani malangizo a kalimidwe akutsutsana?

Mlimi wa ku Mzuzu amene amatchera khutu ku wailesi ndi kumisonkhano ya alangizi wamva mauthenga atatu pa nkhani ya khasu, ndipo mauthengawo sagwirizana. Ena akuti nthawi ya khasu inatha, dziko lilowe mu ulimi wa mathirakitala. Ena akuti khasu liikidwe pambali, munda usagalauzidwe n'komwe, ungophimbidwa ndi mapesi. Enanso akuti vuto la khasu n'loti silifika pansi, ndiye tengani piki muswe nthaka mpaka masentimita 30. Pamene akuluakulu akukambirana zonsezi, mayi wa ku Chibavi amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba akufuna kudziwa zinthu zapafupi: pa ndalama zochepa zimene wasunga agule chida chiti, nanga chidacho chichita chiyani kunthaka yake ndi kumsana wake?

Mkanganowu sumveka ngati munthu sanazione bwino zida zenizenizo. Chida chilichonse chimasuntha dothi mwa njira yakeyake, ndipo amene akutsutsanawa akusiyana kwenikweni pa zinthu zitatu: dothi lisunthidwe mozama bwanji, kangati, ndiponso ndi mphamvu za yani.

Khasu: kutema ndi kukoka

Khasu ndi chida chotema ndi kukoka. Munthu amalikweza m'mwamba, kulemera kwa chitsulo ndi liwiro la mikono zimalilowetsa m'nthaka, kenako amakokera dothilo kumapazi kwake. Fosholo imagwira mosiyana: amaiponda ndi phazi, n'kunyamula dothi kuchokera pansi. Kusiyana kumeneku ndiko kumafotokoza chifukwa chake khasu linakhazikika kwathu kuno. Silifuna nsapato. Limalowa m'dothi louma limene fosholo ingangoterereka pamwamba. Ndipo chida chimodzi chomwecho chimasosa, kugalauza, kuunga mizere, kukumba mapando, kupalira, kubandira ndi kukumba mbatata. Adzukulu akamapita kumanda amanyamula lomwelo.

Makasu amene mungawapeze mumsika waukulu wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa ali m'magulu awiri. Loyamba ndi khasu la msuka, lija lili ndi kamchira kosongoka kolowa m'mutu wa mpini. Kulikhomera kwake n'kosangalatsa kuonerera. Msuka amauika pamoto mpaka ufiire, kenako amautsindira pamutu wa mpini. Utsi umatuluka, mtengo umanunkha kupserera, msuka ukazirala amaubwezera pamoto, ndipo amabwereza mpaka utulukire kuseri. Akatero amagogoda mutu wa mpiniwo pamwala kuti khasu likhale nganganga. Palibe msomali, palibe bawuti. Likayamba kugwedera m'munda, mlimi amangoligogodanso, kapena kulinyika m'madzi usiku kuti mtengo ufufume. Kuipa kwake n'koti mutu wa mpini ukang'aluka khasu limaguluka, nthawi zina lili m'mwamba.

Gulu lachiwiri ndi khasu la bowo, limene mpini umalowa m'kati mwa chitsulo. Mpini wake umakhala wonenepa kumapeto, ndiye munthu akamatema khasu limathinirathinira m'malo momasuka. Kawirikawiri limakhala lolemera, n'chifukwa chake amisiri omanga ndi okumba ngalande amalikonda. Pali kambwirinso, kakhasu kakang'ono kamene nthawi zambiri ndi khasu lakale lomwe latha ndi ntchito. Musamakataye. Popalira pakati pa anyezi kapena mu nazale, pamene khasu lalikulu lingadule mizu ya mbewu, kambwiri alibe mnzake.

Mbiri ya chida chimenechi kumpoto kuno ndi yakale zedi. Pa phiri la Phopo, pafupi ndi nyanja ya Kazuni m'boma la Rumphi, ofukula zakale anapeza zotsalira zosonyeza kuti anthu ankasungunula chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Aphoka a m'mapiri oyandikana ndi Livingstonia anatchuka ndi luso la ng'anjo ndi kusula makasu, ndipo ng'anjo zakale zikuonekabe ku Nyika ndi m'nkhalango ya Kasungu. Kuti khasu limodzi lituluke pankafunika miyala ya chitsulo, makala ochuluka, ng'anjo ya dothi, mivukuto ndi masiku angapo a ntchito. Motero khasu linali chuma: linkalowa pa malowolo ndi polipa milandu. Mbiri yapakamwa imati Mlowoka, mtsogoleri wa amalonda, atawoloka nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1700 n'kukhazikika ku Nkhamanga, pa katundu amene ankasinthanitsa ndi minyanga ya njovu panali nsalu, mikanda ndi makasu, ndipo dzina la ufumu wa Chikulamayembe anthu amalilumikiza ndi makasu amenewo. Ng'anjo zinazima cha m'ma 1930, makasu a m'fakitale atadzaza m'masitolo pa mtengo wotsika. Pambuyo pake kampani ya Agrimal ku Blantyre inayamba kupanga makasu ndi mapulawo m'dziko momwe muno, ndipo lero ambiri amene ali pamsika amachokera kunja.

Chitsulo chabwino chimadziwika bwanji?

Makasu awiri akhoza kufanana maonekedwe, lina n'kutha zaka zisanu, lina n'kupindika pa chitsa choyamba. Chimene chimawasiyanitsa ndi kaboni amene ali m'chitsulocho komanso kaotchedwe kake. Kaboniyo ndi wochepa, safika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100, koma akachepa kwambiri chitsulo chimakhala chofewa, chimapindika ndipo chimabuntha msanga. Akakhala wokwanira, wosula amatha kuchiotcha, kuchiziziritsa mwadzidzidzi kuti chiume, kenako n'kuchitenthetsanso pang'ono kuti chisamathetheke. Ndiye chifukwa chake osula a pachipala amasakasaka masipuling'i a galimoto ndi madisiki akale a pulawo ya thirakitala. Khasu losulidwa kuchokera ku zimenezi likhoza kuposa la m'sitolo, pamene lodulidwa ku lata kapena mgolo ndi kutaya ndalama basi.

Pogula, ligwireni pa msuka n'kuligogoda ndi kachitsulo. Lolimba limalira mokweza ndipo kulirako kumapitirira, lofewa kapena la mng'alu limangoti phu. Ngati wogulitsa walola, pititsani tupa kukamwa kwake: tupa akamadya mosavuta ngati akupala mtengo, chitsulocho n'chofewa. Onaninso pamene msuka wakumana ndi khasu, chifukwa ambiri amathyokera pamenepo. Mukafika nalo kunyumba, muzilinola mbali imodzi yokha ndipo lisachite kuthwa ngati lumo, poti kukamwa kopyapyala kumabenthuka pa mwala. Ndipo poti Mzuzu ndi wa chinyezi, khasu logona panja ndi matope limadyedwa ndi dzimbiri kuposa mmene ntchito ingalidyere. Kulipala matope ndi kuliimika pouma sikutenga nthawi.

Mpini ndi msana

Akale anati nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo khasu n'chimodzimodzi. Mpini wabwino umachokera ku mtengo wolimba koma wosathetheka, monga naphini kapena gwafa, ndipo wosema amasankha nthambi ya mfundo kuti mutu usang'aluke. Bulugamu wouma bwino amathandiza. Paini wa ku Chikangawa ndi malaina ndi opepuka, n'zoona, koma sapirira kugunda. Vuto lomwe likukula n'loti mitengo yachilengedwe ikutha ndi makala, moti mipini yolimba ikuchokera kutali ndipo ikukwera mtengo.

Nkhani yovuta ndi ya kutalika kwa mpini. Mpini waufupi umakakamiza munthu kuwerama tsiku lonse, ndipo aliyense amene anapalirapo ekala amadziwa mmene chiuno chimamvekera madzulo. Ku California, m'dziko la America, khasu la mpini waufupi linaletsedwa m'minda yolemba antchito m'chaka cha 1975 chifukwa cha matenda a msana. Kafukufuku amene IFAD ndi FAO, mabungwe a United Nations oona za ulimi, anatulutsa mu 1998, atacheza ndi amayi olima m'mayiko asanu a mu Africa kuphatikizapo Zambia ndi Zimbabwe, anapeza kuti m'madera ambiri munthu wolima ali chiimire amaonedwa ngati waulesi. Maganizo amenewo kwathu kuno si achilendo.

Komabe mpini waufupi uli ndi zifukwa zake. Munthu amaona bwino pamene akutema, ndipo udzu womera patsinde pa chimanga amauzula ndi dzanja osachita kuweramanso. Pamalo otsetsereka ngati a ku Masasa, wolima akayang'ana kumtunda nthaka imakhala yamuyandikira kale, ndiye mpini wautali umangosokoneza. Chinanso chimene ambiri saganizira ndi kapendekedwe ka khasu pampini. Khasu lopindikira kwambiri kumpini linapangidwira munthu wowerama. Mukaliika pa mpini wautali limangokanda pamwamba, osalowa. Wofuna kutalikitsa mpini asinthenso kapendekedweko. Ine ndimaona kuti pakhomo pamayenera makasu awiri, lolemera la kugalauza ndi lopepuka la mpini wotalikirapo la kupalira, ndipo mwana asapatsidwe khasu la bambo ake.

Mizere inachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti makolo athu akhala akuunga mizere kuyambira kalekale. Si choncho. Kale m'madera ambiri anthu ankalima pa matutu kapena pafulati, monga mmene chinangwa chimalimidwirabe m'malo ena ku Nkhata Bay. Mizere yopingasa chitunda inalimbikitsidwa ndi boma la atsamunda pofuna kuletsa kukokoloka kwa nthaka, ndipo lamulo la zachilengedwe la 1946 linapereka mphamvu yokakamiza. Pa nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, makamaka itadutsa njala ya 1949, osatsatira malamulo a malimidwe ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene. Mkwiyo wa alimi pa malimidwe unathandiza kukoleza moto wa ndale zofuna ufulu. Chodabwitsa n'choti dziko litalandira ufulu mu 1964 mizere sinachoke. Inakhazikika mpaka kusanduka chizindikiro cha mlimi wakhama.

Mzere uli ndi ntchito zenizeni. Ukatsata akalozera, mizere yotsogolera yopingasa chitunda, umagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, makamaka ukakhala ndi ngonyeka, timizere totseka m'makwawa. Umakwirira udzu ndi zinyalala kuti ziwole. Kumalo a mvula yambiri ngati Mzuzu, kumene mvula imatha kupitirira mpaka Epulo kapena Meyi, umakweza mizu kuti isamire m'madzi. Koma ukaungidwa choloza kumunsi umasanduka ngalande yonyamula chajira chonse kupita nacho ku mtsinje wa Lunyangwa.

Mtengo wa mzere ndi thukuta. Kale mizere inkatalikirana masentimita 90. Njira ya Sasakawa, ija yobzala njere imodzi paphando motalikirana masentimita 25, inabweretsa mizere ya masentimita 75. Tawerengani: pa hekitala imodzi, mizere yotalikirana choncho mukailumikiza imapitirira makilomita 13. Chaka ndi chaka mlimi amagumula mizere yonseyo n'kuunga ina m'makwawa a chaka chatha, kenako n'kudutsamonso popalira ndi pobandira. Ndi matani mazanamazana a dothi osunthidwa ndi mikono. Apa m'pamene onse atatu otsutsana aja amakumana: palibe amene akuti ntchito imeneyi ndi yaing'ono.

Dothi lotsendereka ndi piki

Khasu limalowa mozama mofanana chaka chilichonse, pafupifupi masentimita 15 kapena 20. Pansi pa pamenepo sipakhudzidwa. Kuwonjezera apo, m'khwawa ndi mmene anthu amaponda dzinja lonse pobzala, pothira feteleza, popalira ndi pokolola, ndipo mzere wa chaka chamawa umadzakhala pamwamba pa khwawa lopondedwalo. Zaka zikachuluka, pansi pa mizere pamatha kupangika gawo la dothi lotsendereka. Taganizirani njira ya kumjigo imene anthu aiponda zaka zambiri: mvula ikagwa madzi amangoyenda pamwamba, ndipo udzu sumerapo. Ndiye muganize kuti njira yoteroyo yakwiririka pansi pa munda wonse.

Zizindikiro zake mlimi akhoza kuziona yekha. Madzi amaima m'makwawa nthawi yaitali kapena kusefukira n'kudula mizere. Chimanga chimafota ng'amba ikangotha sabata imodzi. Zulani therere kapena nandolo wamng'ono muone muzu wake waukulu: ngati watsika pang'ono kenako n'kukhotera kumbali ngati chigongono, wakumana ndi cholimba. Njira ina ndi kukumba kadzenje kofika m'bondo nthaka ikadali yonyowa, n'kumabaya khoma lake ndi mpeni kuyambira pamwamba kutsika. Pamene mpeni wayamba kukana m'pamene pali vuto.

Piki ndi chida choswa. Mbali ina ndi yosongoka, ina ndi yophwatalala pang'ono, ndipo mphamvu yonse ya kugunda imathera pa kansonga kakang'ono. Ndiye chifukwa chake imalowa pamene khasu, lomwe limagawa mphamvu yomweyo pa kukamwa kotambalala, limangodumpha. Kwa zaka zambiri piki tinkaidziwa ngati chida cha okonza misewu, okumba maziko ndi okumba zimbudzi. Kulowa kwake m'munda wa chimanga kwalimbikitsidwa kwambiri ndi bungwe la Tiyeni, lomwe likulu lake lili mu Mzuzu momwe muno. Njira yawo ndi yoti chaka choyamba mlimi aswe nthaka mpaka masentimita 30, aunge mabedi otambalala mita imodzi motsata akalozera, atseke kumapeto kwa makwawa kuti madzi asathawe, aziphimbira, azithira manyowa, ndipo asapondenso pabedi. Zaka zotsatira mabediwo sagumulidwa. Bungweli limanena kuti alimi ambiri amene atsatira njirayi amakolola mowirikiza.

Ofunsa mafunso nawo ali ndi mfundo. Kuswa ekala ndi piki ndi ntchito yowawa, ndipo nkhalamba kapena mayi amene ali yekha pakhomo sangaithe popanda ganyu kapena gulu. Mu Okutobala katondo akauma, piki imalira ngati yagunda mwala ndipo manja amachita matuza, motero odziwa amakumba akangokolola, chinyezi chisanathe. Piki ndi yodula kuposa khasu. Akatswiri a nthaka sagwirizananso pa kukula kwa vutoli: minda ina ili nalo dothi lotsenderekali, ina ilibe, ndipo n'kovuta kusiyanitsa phindu lobwera ndi kuswa nthaka ndi lobwera ndi manyowa, kuphimbira ndi kusunga madzi, poti zonsezi zimachitikira pamodzi. Ena amati mizu ya nandolo ndi ya mitengo ngati nsangu ndi gilisidiya imaboola pansi payokha, ngakhale imatenga nthawi.

Mtayakhasu

Ulimi wa mtayakhasu, umene ena amati wa mleranthaka, umayambira pa vuto lomwelo koma umalowera kwina. Mfundo zake ndi zitatu: nthaka isatembenuzidwe, ikhale yophimbidwa ndi mapesi kapena udzu, ndipo mbewu zizisinthanasinthana. Mlimi amaboola phando ndi ndodo yosongoka kapena kutema kamodzi ndi khasu, n'kuponyamo njere. Maganizowa anakula ku America pambuyo pa mphepo za fumbi za m'ma 1930 zomwe zinaulutsa dothi la minda yolimidwa mopitirira, anafalikira ku Brazil m'ma 1970, ndipo kuno anafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mabungwe ngati Total LandCare awalimbikitsa kwa zaka zambiri. Ku Zambia njira yofanana nayo imagwiritsa ntchito khasu lolemera, lopapatiza, lotchedwa chaka, pokumba maenje okhazikika obzalamo chaka ndi chaka.

Ubwino wake ukuoneka: ntchito younga mizere imachoka, chinyezi chimakhalitsa pansi pa mapesi, nyongolotsi zimabwerera, ndipo chaka cha ng'amba munda wophimbira umapirira. Zovuta zake alimi amazitchula okha. Mapesi omwewo ng'ombe ndi mbuzi zikuwafuna, osaka mbewa amawatentha, ena amaopa chiswe. Udzu umene kale unkakwiriridwa ndi mzere tsopano umafuna mankhwala ogula kapena kuzula ndi manja. Phindu lake limachedwa kuoneka, ndipo pamalo olowa madzi chaka cha mvula yambiri mbewu zimatha kuchita chikasu. Alimi ambiri anayesa pamene pulojekiti inalipo, itatha anabwerera ku mizere. Ndipo ngakhale dzina likutero, khasu silitayidwa kwenikweni. Limangochepetsedwa ntchito.

Mukaziika pamodzi njira ziwirizi, mupeza kuti sizitalikirana monga zimamvekera. Zonse zikuti lekani kugumula ndi kuunga chaka chilichonse, phimbirani, sungani madzi. Zasiyana pa chaka choyamba: wina akuti yambani mwaswa, wina akuti isiyeni nthaka idzikonze.

Zida za padimba ndi pakhomo

Mzuzu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'ma 1940, unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Ambiri mwa anthu amenewa alibe hekitala. Ali ndi mabedi angapo a mpiru, repu ndi tomato kuseri kwa nyumba kapena kudambo. Kwa iwo zida zina zimafunika kuposa piki.

Fosholo zilipo ziwiri ngakhale timazitchula dzina limodzi. Yosongoka, yakuya ngati mbale, ndi yotapira mchenga, manyowa ndi dothi lomwe piki kapena khasu lamasula kale. Yowongoka, ya kukamwa kwafulati, ndi yodulira m'mbali mwa bedi, ngalande kapena dzenje la mtengo kuti khoma likhale losalala, ndipo imafuna jombo chifukwa amaiponda. Kukumba nthaka youma ndi fosholo yotapira ndiko kumathyola mipini yambiri. Foloko ya m'munda, ya mano anayi, ndi chida chomwe sitichilemekeza mokwanira: imamasula dothi la pabedi popanda kulitembenuza, imatembenuza kompositi mosavuta, ndipo pokumba mbatata kapena karoti siidula ngati khasu. Reki ndi yosalazira bedi musanafese njere zing'onozing'ono. Chikwanje n'chodulira zitsamba ndi nthambi, chikwakwa n'chotchetchera udzu munthu ali chiimire, zenga n'lomwetera udzu wofolera kapena wa ziweto. Wilibala yodziwika ija ya omanga imanyamula malita 65, ndipo chimene chimayamba kufa ndi tayala, ndiye yang'anani kumeneko musanayang'ane utoto.

Keni yothirira ndi yofunika kuiwerengera. Lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi ndi yofanana ndi milimita imodzi ya mvula. Nyengo yotentha masamba amafuna mamilimita anayi kapena asanu patsiku. Choncho bedi la mita imodzi mulifupi ndi mamita 10 mulitali likufuna malita 40 mpaka 50, omwe ndi makeni anayi kapena asanu a malita 10, tsiku lililonse. Wa mabedi 10 awerengere yekha maulendo a kuchitsime asanafese. Kuphimbira bedi ndi udzu kumachepetsa maulendo amenewo, ndipo kachipewa ka timabowo kakutsogolo kwa keni musamakachotse pothirira nazale, chifukwa madzi ogwa mwamphamvu amafukula njere.

Mawu awiri a chitetezo, poti ndaona anthu akuzitenga mopepuka. Bala la khasu kapena foloko limene lalowa dothi likhoza kubweretsa kafumbata, chifukwa tizilombo take timakhala m'nthaka ndi m'ndowe. Litsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala akaone za katemera. Chachiwiri, m'tauni musanatsitse piki funsani eni malo kumene kwadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya, ndipo dzenje lakuya kapena khoma lodulidwa pachitunda nthawi ya mvula lingagumukire wokumbayo mosachenjeza.

Khasu lipite kosungira zakale?

Uthenga woti khasu lithe uli ndi gwero lake. Chikalata cha Agenda 2063, chomwe atsogoleri a African Union anavomereza mu 2015, chinanena kuti khasu la manja lidzakhala litathetsedwa pofika 2025, ndipo Nkosazana Dlamini-Zuma, yemwe ankatsogolera bungweli pa nthawiyo, ankanena kuti malo a khasu ndi kunyumba yosungira zinthu zakale. Cholinga chachikulu chinali kupeputsa amayi, amene amagwira gawo lalikulu la ntchito yopalira. Kuno kwathu masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika makina patsogolo pa chitukuko cha ulimi.

Ofuna makina akunena zoona kuti banja lodalira khasu lili ndi malire a malo amene lingalime mvula isanagwe, kuti kuchedwa kubzala ndi kupalira kumadula zokolola, ndiponso kuti achinyamata ambiri akuthawa ulimi chifukwa cha khasu lomweli. Okayikira akunenanso zoona kuti alimi ambiri ali ndi malo osakwana hekitala, ena pazitunda pomwe thirakitala singakwere, kuti dizilo ndi zipangizo zosinthira zimafuna ndalama zakunja, ndiponso kuti thirakitala yolemera ndi pulawo yake nazonso zimatsendera nthaka pansi. Pakati pa khasu ndi thirakitala yaikulu pali masitepe ena: pulawo ya ng'ombe, yomwe ku Mzimba, Rumphi ndi Karonga ndi yozolowereka, mathirakitala ang'onoang'ono a matayala awiri, ndi magulu obwereketsa makina pa mtengo wa pa ekala.

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi la nthaka yeniyeniyo. Ndi minda ingati yozungulira Mzuzu imene ili ndi dothi lotsendereka, ndipo ndi ya mtundu wanji, ya katondo wa pamtunda kapena ya mchenga? Popanda kupima munda ndi munda, wina adzaswa ndi piki pamene sipanafunike, wina adzaphimbira pamwamba pa cholimba n'kumadabwa kuti madzi sakulowa. Ndipo nthaka ikaswedwa kamodzi, imakhala yomasuka zaka zingati isanatsenderekenso?

Lachiwiri ndi la mvula ya kuno. Zambiri zimene zapezeka pa ulimi wa mtayakhasu zikuonetsa phindu lalikulu kumalo ouma ndi m'zaka za ng'amba. Kodi kumalo ozizira, a mvula yotalika ngati Mzuzu ndi Nkhata Bay, mzere kapena bedi lokwera silikufunikabe kuti mizu ipume? Nanga mlimi amene mlangizi wa boma wamuuza zina, wa bungwe n'kumuuzanso zina, atsatire ziti, ndipo ndani ayenera kugwirizanitsa mauthengawo asanafike kumudzi?

Lachitatu ndi la anthu. Makina kapena mankhwala opha udzu akachotsa ntchito younga ndi yopalira, mabanja amene amadya za ganyu m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale adzapeza kuti ndalama ya ufa? Njira zatsopanozi zikuchotsadi ntchito pamsana wa mayi, kapena zikungoisuntha kuchoka pa kuunga mizere kupita pa kututa mapesi ndi kuzula udzu? Pomwe makasu akadali m'manja mwa anthu mamiliyoni, ndani akuyang'anira kuti olowa m'dziko ndi a chitsulo chabwino, ndani akuthandiza osula a pachipala kupanga makasu opepuka oyenera amayi ndi okalamba, nanga mipini ya zaka zikubwerazi idzachokera m'nkhalango iti?